Kodi dzina la Mulungu linalembedwa mu DNA? Phunziro la kanema amene ndinafowada ndisanafufuze



Phunziro la sabata ino ndiliyamba ndi kudziulula, chifukwa dzenje limene ndikufuna tichenjezane, woyamba kugweramo ndine.

Mwezi wathawu, usiku wina titachoka ku swala ya Isha, pagulu la WhatsApp la anzathu amene tinaphunzira limodzi kumadrassa panalowa kanema. Anali wa Chingerezi, mphindi zitatu basi. Ankati wasayansi wina wa ku Israel atayang'ana DNA ya munthu anapeza kuti zingwe zake ziwiri zimagwirana ndi timilatho ta sulfur, ndipo timilathoto sitibwera chisawawa ayi: kamabwera pakadutsa tizigawo 10, kenako 5, kenako 6, kenako 5, n'kuyambiranso. Ndiye poti m'Chiheberi chilembo chilichonse chili ndi nambala yake, 10, 5, 6, 5 ndi zilembo Yod, He, Vav, He, zimene zimapanga dzina la Mulungu m'mabuku a Ayuda. Kanemayo anamaliza ndi kunena kuti Mlengi anasaina dzina lake m'selo iliyonse ya thupi lathu.

Thupi langa lonse linachita tsemwe. Ndinalemba "Allahu Akbar" n'kufowada kumagulu anayi, limodzi la kubanja kwathu. Kufufuza? Olo pang'ono.

M'mawa mwake ndinamuonetsa mnzanga amene timagona chipinda chimodzi kuno kusukulu. Iyeyu amaphunzira sayansi ya zachipatala. Anaonera mpaka kumapeto n'kundibwezera foni. "Aise, sulfur ameneyu ali pati mu DNA?" Ndinati kaya. "Mulibe," anatero, n'kunyamula chikwama ulendo wa kukalasi. Ndinachita manyazi, koma mumtima ndinati bola zathera m'chipinda momwemuno.

Sizinathere pomwepo. Patapita masiku atatu msuweni wanga ananditumizira uthenga. Ali ndi mwana wa zaka zinayi amene amadwala sickle cell. Anati: "Achimwene, kanema munatumiza uja ndinaonera. Ndapezanso wina akuti pali mayina 72 a Chiheberi, ukamawayang'ana ndi kuwatchula m'mawa ndi madzulo amakonza DNA yoonongeka. Akufuna ndalama kuti anditumizire onse. Inu munaphunzira Deen, ndi zololedwa? Mwana wachezera kulira ndi ululu wa miyendo."

Apa mtima unandigunda. Njira imene anatsala pang'ono kulowayo ndinamulozera ndine, ndipo ankandikhulupirira chifukwa ndinapita kumadrassa. Ndinamuuza kuti asatumize ngakhale tambala, andipatse sabata imodzi. Zimene ndinapeza m'sabata imeneyo ndi izi.

KABBALAH N'CHIYANI?

Choyamba tiwachitire chilungamo eni ake. Kabbalah ndi chiphunzitso chakuya cha zauzimu cha m'Chiyuda. Liwulo limatanthauza chinthu cholandiridwa, ndipo amene mumadziwako Chiarabu mwamva kale ubale wake ndi liwu loti qabul. Buku lina lakale kwambiri, Sefer Yetzirah, limaphunzitsa kuti Mulungu analenga zonse kudzera m'njira 32, zomwe ndi ma sefirot 10 ndi zilembo 22 za Chiheberi. Buku lalikulu la Kabbalah, Zohar, linatulukira ku Spain chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200, ndipo akatswiri a mbiri amaligwirizanitsa ndi Moses de León amene anamwalira mu 1305. M'zaka za m'ma 1500 chiphunzitsochi chinakula kwambiri m'tauni ya Safed kudzera mwa Isaac Luria.

Kuwerengetsa manambala a zilembo amati gematria: Alef ndi 1, Bet 2, Gimel 3, Dalet 4, He 5, Vav 6, Yod 10. Ife sizachilendo kwa ife, chifukwa Chiarabu chili ndi abjad: Alif 1, Baa 2, Jiim 3, Daal 4, Haa 5, Waaw 6, Yaa 10. Nambala 786 imene ena amalemba m'malo mwa Bismillah imachokera komweko. Dzina la zilembo zinayi lija Ayuda opembedza amalilemekeza moti salitchula n'komwe, m'malo mwake amati Adonai kapena HaShem. Mayina 72 amene ankafuna kumugulitsa msuweni wanga aja amapangidwa potenga chilembo chimodzichimodzi kuchokera m'ndime zitatu za Eksodo 14:19-21, zimene m'Chiheberi iliyonse ili ndi zilembo 72.

Tsono gwirani mfundo iyi: mwa anthu onse amene analemba mabukuwa, panalibe amene ankadziwa za DNA. DNA anaitulukira koyamba ndi Friedrich Miescher mu 1869, ndipo kapangidwe kake kanafotokozedwa mu 1953 ndi James Watson ndi Francis Crick, mothandizidwa ndi zithunzi za X-ray zochokera ku ntchito ya Rosalind Franklin ndi Maurice Wilkins. Zolumikiza Kabbalah ndi DNA ndi zadzulodzuloli, ndipo zambiri zinatchuka ndi alembi a gulu la New Age, monga Gregg Braden wa ku America amene anatulutsa buku lotchedwa The God Code mu 2004. Choncho phunziroli si lonyoza Ayuda kapena chipembedzo chawo. Surat Al-An'am ndime 108 imatiletsa kutukwana zimene ena amapembedza. Tikuyesa zimene akunena zokhudza DNA basi.

NANGA DNA N'CHIYANI?

Thupi lathu linapangidwa ndi maselo. M'kati mwa selo muli DNA, zingwe ziwiri zopotana ngati chingwe cha khonje, zimene zimasunga malangizo a mmene thupi lipangikire ndi kugwirira ntchito. Theka timatengera kwa mayi, theka kwa bambo. Malangizowo analembedwa ndi tinthu tinayi tokha: adenine, thymine, guanine ndi cytosine, mwachidule A, T, G, C. Kope limodzi la DNA ya munthu lili ndi tinthu timeneti tiwiritiwiri pafupifupi 3 biliyoni, ndipo DNA ya selo imodzi mutaitambasula ingatalike pafupifupi mamita awiri. Inakulungidwa m'mitolo yotchedwa ma chromosome, ndipo munthu amakhala nayo 46, kapena kuti mapeya 23. Kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo a chinthu chimodzi amati gene. Ena amalemba kuti majini, koma chonde musasokoneze ndi majini a m'Surat Al-Jinn aja. Malangizowo thupi limawagwiritsa ntchito polumikiza ma amino acid kuti apange mapuloteni.

Dziwaninso kuti A, T, G, C si zilembo zimene mungazione mutayang'ana m'selo. Ndi chidule cha mayina amene asayansi anapereka. Guanine, mwachitsanzo, anam'tcha choncho chifukwa anam'peza koyamba mu guano, zitosi za mbalame.

TIYESE ZONENAZO CHIMODZICHIMODZI

Choyamba, timilatho ta sulfur tija. DNA ya munthu inapangidwa ndi carbon, hydrogen, oxygen, nitrogen ndi phosphorus. Sulfur mulibe. Zingwe ziwiri zija zimagwirana ndi ma hydrogen bond, awiri pakati pa A ndi T, atatu pakati pa G ndi C. Timilatho ta sulfur tilipodi, koma timapezeka m'mapuloteni, monga a m'tsitsi ndi zikhadabo. Ndipo izi si zatsopano. Mu 1952 Alfred Hershey ndi Martha Chase ankafuna kudziwa ngati chimene chimanyamula malangizo a chibadwa ndi puloteni kapena DNA. Anatenga mavayirasi amene amalowa m'mabakiteriya, ena anawaika chizindikiro pa sulfur, ena pa phosphorus. Njirayi inatheka chifukwa sulfur ali m'puloteni koma mu DNA mulibe, pamene phosphorus ali mu DNA. Chimene chinalowa m'mabakiteriya chinali phosphorus, umboni woti DNA ndiyo imanyamula malangizo. Ndiye onani: kanema uja anamanga nyumba yake yonse pa chinthu chimene kusowa kwake mu DNA kunadziwika zaka zoposa 70 zapitazo. Nditamuoneranso modekha ndinaona kuti sanatchule n'komwe kumene kafukufukuyo anasindikizidwa. Ngakhale mawu oti "selo iliyonse" ndi olakwika, chifukwa maselo ofiira a magazi, amene ndiwo ochuluka kwambiri m'thupi, akakhwima sakhala ndi DNA.

Chachiwiri, masamu a Braden. Iye anatenga kulemera kwa ma atomu anayi n'kuphatikiza manambala ake mpaka patsale imodzi. Hydrogen ndi 1, ndiye Yod, poti 10 ukaphatikiza 1 ndi 0 ndi 1. Nitrogen ndi 14, 1 kuphatikiza 4 ndi 5, ndiye He. Oxygen ndi 15.999. Mwana wa Fomu 1 aliyense angakuuzeni kuti imeneyi ndi 16, ndipo 1 kuphatikiza 6 ndi 7. Koma 7 sakugwirizana ndi dzinalo, ndiye anadula n'kutenga 15 kuti apeze 6, Vav. Carbon ndi 12, zimene zimapereka 3, Gimel. Zotsatira zake ndi Yod, He, Vav, Gimel, osati Yod, He, Vav, He. Chilembo chomaliza chitakana, anachipezera tanthauzo lina n'kunena kuti uthengawo ukukamba za Mulungu wamuyaya m'kati mwa thupi. Phosphorus, amene popanda iye palibe DNA, anangomusiya panja. Komanso zinthu zinayi zomwezo, carbon, hydrogen, nitrogen ndi oxygen, ndi zimene zimapanga feteleza wa Urea amene timathira m'chimanga, ndi caffeine wa mu tiyi. Njira imene ikupereka yankho lomwelo pa munthu ndi pa thumba la feteleza sikutiuza chilichonse chapadera chokhudza munthu.

Chachitatu, nambala 22. Ena amati zilembo za Chiheberi ndi 22 ndipo ma chromosome ndi mapeya 22. Koma mapeya ndi 23. Kuti apeze 22 amachotsa peya imene imasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Ena amati ma amino acid ndi 22. Odziwika amene zamoyo zonse zimagwiritsa ntchito ndi 20. Munthu ali ndi wina wa 21, selenocysteine, koma wa 22, pyrrolysine, amapezeka mu tizilombo tina tosaoneka ndi maso, osati mwa munthu. Ndipo mpaka 1956, pamene Joe Hin Tjio ndi Albert Levan anawerenga bwinobwino ku Sweden, mabuku ankaphunzitsa kuti munthu ali ndi ma chromosome 48. Kanema ameneyu akanapangidwa nthawi imeneyo, akanapeza chinsinsi cha 24. Nanga mwana wobadwa ndi Down syndrome, amene ali ndi ma chromosome 47, tinene kuti siginecha ya Mlengi inalakwika pa iye? Astaghfirullah. Ulemu wa mwana wa Adam suwerengedwa ndi ma chromosome.

N'CHIFUKWA CHIYANI MANAMBALA AMANGOGWIRIZANA?

Chifukwa ukakhala ndi ufulu wosankha chowerenga, chosiya, pophatikiza ndi podula, yankho lililonse limene ukufuna ulipeza. Zili ngati mnyamata amene waponya mwala pakhoma, kenako n'kukajambula bwalo pozungulira pamene mwalawo wamenya, n'kumadzitama kuti saphonya.

Mu 1997 Michael Drosnin anatulutsa buku lotchedwa The Bible Code, lonena kuti ukamadumpha zilembo mwa ndondomeko m'Taurat ya Chiheberi umapeza maulosi a zochitika za masiku ano. Katswiri wa masamu wa ku Australia, Brendan McKay, anagwiritsa ntchito njira yomweyo pa Moby Dick, nthano ya Chingerezi ya asodzi a anamgumi, ndipo anapezamo "maulosi" a kuphedwa kwa anthu monga Indira Gandhi ndi Martin Luther King. Njira ikamatulutsa zozizwitsa m'buku lina lililonse, ndiye kuti singakhale umboni woti buku lakutilakuti ndi la Mulungu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

ANYANI SASEKANA ZIKUNDU

Apa ndi pamene pankandiwawa kulemba. Ife Asilamu tili nazo zathu zofanana ndi zimenezi, ndipo timazifowada tsiku ndi tsiku.

Mwina munaonapo iyi: Surat An-Nahl, ya Njuchi, ndi ya nambala 16, ndipo njuchi ili ndi ma chromosome 16. N'zoona kuti njuchi yamphongo ili ndi 16, koma zazikazi zili ndi 32, ndipo amene munaphunzira nahwu kaoneni ndime 68 ndi 69, mupeza kuti malamulo opita kwa njuchiyo ali m'kalankhulidwe ka chachikazi. Komanso bwanji sitipitiriza? Surat Al-Baqarah ndi ya nambala 2, ng'ombe ili ndi ma chromosome 60. Surat Al-Fil ndi ya 105, njovu ili ndi 56. Timatola imodzi imene yagwirizana, zokana timazikwirira.

Nkhani yoopsa kwambiri ndi ya Rashad Khalifa, wasayansi wa ku Egypt amene ankakhala ku Tucson m'dziko la America. M'zaka za m'ma 1970 analengeza kuti kompyuta yamuonetsa kuti Qur'an yonse inamangidwa pa nambala 19, potengera Surat Al-Muddathir ndime 30. Asilamu ambiri anasangalala. Ngakhale Sheikh Ahmed Deedat wa ku Durban, amene ambirife tinakula tikuonera mitsutso yake, analemba kabuku kofalitsa zimenezi, koma pambuyo pake anadzipatula kwa iye. Chinachitika n'chiyani? Masamu atakana kugwirizana, Khalifa sanakayikire masamu akewo. Anakayikira Qur'an. Ananena kuti ndime ziwiri zomaliza za Surat At-Tawbah, 128 ndi 129, si za m'Qur'an. Anakana Hadith, kenako anadzitcha mtumiki. Anaphedwa mu 1990. Munthu anayamba ndi kufuna kuikira umboni Buku la Allah, anamaliza ndi kulidula kuti likwane m'masamu ake. Ndi zomwe zija za oxygen, kudula 16 kuti akhale 15.

CHISILAMU CHIKUTIPHUNZITSA CHIYANI?

1. Tifufuze tisanafalitse. Surat Al-Hujurat ndime 6 imatilamula kutsimikiza nkhani kuopa kupweteka anthu mosadziwa kenako n'kumanong'oneza bondo. Surat Al-Isra ndime 36 imatiletsa kutsatira zimene sitikuzidziwa, ndipo imatikumbutsa kuti makutu, maso ndi mtima zidzafunsidwa. M'mawu oyamba a Sahih Muslim muli Hadith yophunzitsa kuti kungofotokoza chilichonse chimene wamva n'kokwanira kumuika munthu m'gulu la abodza. Batani la kufowada lili m'kati mwa Hadith imeneyi.

2. Bodza silisanduka halaal chifukwa likukometsa Deen. Tsiku limene Ibrahim, mwana wa Mtumiki (SAW), anamwalira, dzuwa linachita kadamsana. Anthu anayamba kunena kuti lachita zimenezo chifukwa cha imfa ya mwanayo. Mawu amenewa akanamukweza Mtumiki (SAW) pamaso pa anthu, ndipo akanangokhala chete palibe akanamudzudzula. Koma ali pachisoni chomwecho anaimirira n'kuwakonza, kuti dzuwa ndi mwezi ndi zizindikiro za Allah, sizichita kadamsana chifukwa cha imfa kapena moyo wa munthu. Anakana chozizwitsa chabodza chimene chinali kumbali yake. Ife ndani kuti tizichilandira?

3. Umboni wofooka umapweteka Deen. Imam Al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, anachenjeza za bwenzi losadziwa la Chisilamu limene limaganiza kuti likuteteza Deen potsutsa zinthu zimene masamu atsimikiza. Munthu wodziwa masamuyo akamva zotere sakayikira masamu ake, amakayikira Chisilamu. Taganizirani mng'ono wathu wa Fomu 3 amene Imaan yake taimanga pa makanema otere. Tsiku limene adzafike m'kalasi ya biology n'kupeza kuti sulfur mulibe, adzafunsa kuti, nanga zina zija anandiuza n'zoona?

4. Nkhani za anthu a Buku zili ndi malamulo ake. Ma ulama anazigawa patatu: zimene Qur'an ndi Sunnah zavomereza timavomereza, zimene zatsutsa timakana, zimene sizinanenepo kanthu sitizivomereza komanso sitizitsutsa. Koma zoti mu DNA muli sulfur si nkhani ya Taurat ya Musa (AS). Ndi nkhani ya mu labu, ndipo labu inayankha kale.

5. Tawheed. Mayina a Allah timawadziwa kudzera m'chivumbulutso, sitiwatulutsa m'masamu. Ndipo chiphunzitso choti Mulungu ali m'kati mwa thupi ngati gawo lake sichigwirizana ndi Surat Al-Ikhlas ngakhalenso Surat Ash-Shura ndime 11, imene imatiphunzitsa kuti palibe chofanana naye. Mlengi ndi Mlengi, cholengedwa ndi cholengedwa.

Mwina wina afunsa kuti, ndiye kuti mu DNA mulibe chizindikiro cha Allah? Chilimo, chachikulunso. Surat Adh-Dhariyat ndime 20 ndi 21 imatiuza kuti zizindikiro zili padziko ndi mwa ife tomwe, ndipo imatifunsa ngati sitikuona. Selo imodzi yosaoneka ndi maso imagawikana mpaka kukhala munthu wa maso, mafupa ndi mtima. Tinthu tinayi tomwe tija ndi timene tili m'chimanga, m'chambo ndi mwa iwe, koma chimanga chimabala chimanga, chambo chimaswa chambo. Surat Ar-Rum ndime 22 imatchula kusiyana kwa zilankhulo ndi makungu athu ngati zizindikiro. Izi zili poyera, sizifuna gematria kapena abjad. Agogo athu amene sanaonepo microscope ankaona mwana akubadwa n'kunena Subhanallah, ndipo Imaan yawo sinali yoperewera.

ZIMENE NDINAMUYANKHA MSUWENI WANGA

Sabata itatha ndinamuimbira. Ndinayamba ndi kupepesa. Kenako ndinamufotokozera zimene mnzanga uja anandiphunzitsa titakhala pansi ndi buku lake. Sickle cell imabwera chifukwa cha kusintha kwa kachilembo kamodzi kokha, A kukhala T, mu gene ya hemoglobin pa chromosome 11. Kusinthako kumachititsa kuti maselo ofiira a magazi azipindika ngati chikwakwa, n'kumatsekeka m'timitsempha ting'onoting'ono. Ululu wa miyendo uja umachokera pamenepo. Mwana amadwala akatengera gene imeneyi kwa makolo onse awiri. Bambo ndi mayi akakhala kuti onse anainyamula koma sadwala, pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe ndi matendawa ndi umodzi mwa inayi. Si tsoka la mayi yekha, si ufiti, si chilango. Gene imeneyi ndi yofala kuno ku Africa chifukwa amene anatengera mbali imodzi yokha amatetezekako ku malungo aakulu.

Kutchula kapena kuyang'ana zilembo, kaya za Chiheberi kaya za chilankhulo china, sikusintha kachilembo kameneko. Kusintha DNA ndi ntchito yaikulu ya mu labu. Chakumapeto kwa 2023 mayiko a Britain ndi America anavomereza chithandizo cha sickle cell chogwiritsa ntchito njira ya CRISPR, ndipo ku America mtengo wake ndi woposa madola 2 miliyoni pa munthu mmodzi. Zikanakhala kuti mayina 72 a pafoni amagwira ntchito imeneyi, ndani akanalipira ndalama zonsezo?

Chimene chili m'manja mwathu ndi ichi: kupita naye kukiliniki masiku amene anapatsidwa, kumwa mankhwala monga mmene adokotala alembera, kaya ndi folic acid, penicillin kapena hydroxyurea, kulandira katemera, kugona m'neti, kumwa madzi ambiri, kumufunditsa kukazizira, ndi kuthamangira kuchipatala thupi likangotentha. Mtumiki (SAW) anatilimbikitsa kufunafuna mankhwala, ndipo kutero sikutsutsana ndi tawakkul.

Za ruqyah ndinamuuza zimene tinaphunzira kumadrassa. Maswahaba atafunsa za ma ruqyah amene ankachita asanalowe Chisilamu, Mtumiki (SAW) anawauza kuti amuonetse kaye, ndipo analola zimene mulibe shirk. Ibn Hajar anafotokoza mfundo zitatu zimene ma ulama anagwirizana: ikhale ya mawu a Allah, mayina ake kapena mbiri zake, ikhale m'Chiarabu kapena m'mawu omveka tanthauzo lake, ndipo munthu akhulupirire kuti wochiritsa ndi Allah, osati mawuwo paokha. Zilembo zitatuzitatu zimene sukudziwa tanthauzo lake, zogula kwa munthu wosamudziwa pa intaneti, zikugwa pa mfundo yoyamba ndi yachiwiri pomwe. Al-Fatihah, Al-Falaq ndi An-Nas ali nazo kale pamtima, ndipo n'zaulere.

Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndalama ija ndinali nditabwereka kale. Ndikagula neti yatsopano, yotsalayo ikhala thiransipoti ya kukiliniki." Mwanayo akadali ndi sickle cell, ndipo masiku ena amachezerabe kulira. Mukumbukireni m'ma dua anu.

TISANAFOWADE

Ndinabwerera m'magulu anayi aja n'kulemba kuti kanema uja ndi wabodza ndipo ndinalakwa kumutumiza. Pa kanemayo anthu anayankha ambiri, pa kukonzako anayankha awiri okha. Apo ndinaphunzira kuti madzi akatayika saoleka, choncho pochenjera ndi pamene chala chisanadine.

Panopa ndimadzifunsa mafunso anayi. Wanena ndani, ndipo ndingakazipeze kuti? Wodziwa phunzirolo, kaya ndi shehe pa za Deen kapena wasayansi pa za sayansi, akuti bwanji? Kuti manambala agwirizane, achotsapo chiyani? Ndipo zikanakhala kuti zikuikira umboni chipembedzo china, ndikanazilandira ndi umboni womwewu? Safunsa anadya phula.

Ngati nanunso munafowada kanema ameneyu kapena wofanana naye, musachite manyazi kubwerera n'kukakonza. Simukudziwa amene akuwerenga ali ndi mwana wodwala pamiyendo.

Allah atipatse kuzindikira kopindulitsa, atiteteze ku bodza ngakhale lokoma m'makutu, achiritse odwala athu, ndipo atikhululukire zimene tinafalitsa mosadziwa. Ameen. Chimene ndalondola chachokera kwa Allah, chimene ndalakwitsa ndi changa, ndipo amene mukudziwa bwino ndikonzeni.